Tsiku limene atsibweni analowa mu vidiyo yanga

Ndinakhala pa chikamwini zaka zinayi kumudzi kwa mkazi wanga, cha ku Kabudula. Sindinganame kuti ankandizunza, ayi. Anandipatsa malo omangapo nyumba ndi kamunda ka mtedza, ndipo apongozi anga sanali munthu wolongolola. Koma ntchito yanga inali ku Nsaru, kwathu, kumene ndinali ndi vidiyo: kanyumba ka zidina, mabenchi, sikirini, masipika awiri ndi nsalu yakuda pakhomo. Tsiku ndi tsiku ndinkapalasa njinga kupita ndi kubwera, ndipo likafika dzinja ndinkafika kuntchito matope mpaka m'makutu. Ndinkafuna kutenga mkazi wanga ndi mwana wathu kuti tizikakhala ku Nsaru.

Koma mkazi sanyamulidwa ngati thumba la chimanga. Umayenera kupempha chitengwa kwa mwini mbumba, ndipo mwini mbumba anali atsibweni a mkazi wanga, alongo awo a apongozi. Ankhoswe anga anapitako kawiri, ndipo kawiri konse anabwerako ndi yankho limodzi: "Tamva, tiganize kaye." Mkazi wanga ndiye anandiululira pamene panagona vuto. Atsibweni anamva kuti mu vidiyo ndi momwe anyamata amaphunzirira ndewu ndi kuonera akazi osavala, choncho sankafuna kuti mdzukulu wawo akulire pakhomo potero. Zinkandiwawa, chifukwa sizinali zabodza kwenikweni.

Sabata ina ndinapita kutawuni kukabenetsa mafilimu pa madisiki. Wobenayo anandiuza kuti pali yatsopano imene Matchaina ndi Amwenye apangira limodzi. Kwathu kuno nkhani yake ndi yodziwika: Tchaina ndi mateche, Mmwenye ndi nyimbo ndi magule. Onse awiri mu filimu imodzi! Ndinaona ngati ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe, moti sindinavutike n'kuionera ndekha kaye. Tsiku la msika ndinalemba ndi choko pabolodi panja: LERO TCHAINA AKUMANA NDI MMWENYE, MAGAZI OKHAOKHA.

Pofika masana mabenchi anali atadzaza. Anyamata a kabaza anakhala kutsogolo, amayi odikira magule kumbuyo. Ndikuti ndiyatse, nsalu ya pakhomo inatukuka, n'kulowa atsibweni, atavala jekete lawo la kutchalitchi, chipewa chili m'manja. Ndinapita kukanyonyomala pambali pawo n'kuwalonjera.

"Musavutike, akamwini, gwirani ntchito yanu," anatero. "Ndabwera kumsika, ndiye ndati ndioneko kumene kumachokera sopo wa mwana wanga."

Wina anawapatsa malo pabenchi la pakati, ine n'kuyatsa. Vuto loyamba linaonekera pomwepo. Mafilimu athu ambiri amabwera wina atalankhuliramo kale Chichewa ndi nthabwala zake, koma iyi inali m'Chitchaina chokhachokha, ndi timawu ta Chingerezi m'munsi. Ndinatenga maikolofoni yomwe ndinkaitanira anthu n'kuyamba kumasulira ndi Chingerezi changa cha Fomu 2.

Panaoneka wansembe wa Chibuda, wometa mpala, katundu kumsana. Anthu anasekerera, pakuti tonse tinkadziwa kuti Tchaina wa mpala ndiye amamenya koposa. Wansembeyo anayamba kuyenda. Anayenda, nayenda. Akakumana ndi asilikali, anyamata ankadzuka pamabenchi: "Eya, yayambika!" Iye n'kungophatikiza manja, kuwerama, ulendo. Analowa m'chipululu, milomo n'kung'ambika ndi ludzu, koma chibakera osaponya ngakhale chimodzi.

"Dekhani, akusunga mphamvu," ndinanama pa maikolofoni. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akafika ku India mumuona."

"Aise, kodi Tchaina wakoyu akudwala?" anakuwa wa kabaza wina. "Ola lathunthu osamenya ngakhale galu! Sintha!"

Enanso anayamba kumenya mabenchi kuti ndisinthe. Mafilimu ena ndinali nawo, odzadza ndi zomwe ndinalonjeza pabolodi, koma mwa onsewo panalibe imene ndikanatha kuyatsa atsibweni ali pomwepo. Ndikayang'ana kabokosi ka mafilimu, ndikayang'ana nkhongo yawo ya imvi, dzanja linkabwerera lokha. Amayi aja ndiwo anayamba kutuluka, akuti Mmwenye wosavina sanamuonepo. Anyamata anatsatira, akunditchula maina amene sindingalembe pano. Tinatsala atatu: ine, atsibweni, ndi mayi wina wa ku esiteti ya fodya amene ankangofuna mthunzi woyamwitsira mwana.

Poti panalibenso womunamiza, ndinazimitsa maikolofoni n'kumamasulira zoona, ndi pakamwa chabe. Ndipamene ndinaimva nkhani yake. Munthuyu anachoka kwawo chifukwa aphunzitsi a chipembedzo chake ankasiyana zonena, ndiye anafuna kukatenga yekha mabuku kumene chinayambira. Kunena zoona, inayamba kundikomera. Mapiri ake, ngamila zake, ngakhale kachetechete wake, zonse zinandigwira mtima, mpaka ndinaiwala kwa kanthawi kuti ndili pa mayeso.

"Mfumuyo ikumuuza chiyani?" anafunsa atsibweni osatembenuka, wansembe uja atafika kwa mfumu ina m'njira.

"Ikumupempha kuti akhale konko, bambo, azidya zonona."

"Ndiye iye akuti bwanji?"

"Wakana. Akuti ulendo sunathe."

Anagwedeza mutu. Patapita nthawi anafunsanso ngati munthuyo adzabwerere kwawo, ndipo pamene anamuona akubwerera ndi mitolo ya mabuku, atakula ndithu, anapumira m'mwamba ngati ndi m'bale wawo.

Itatha tinatuluka, maso akuthobwa ndi dzuwa. Atsibweni anaima pabolodi paja n'kuwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata zilembo.

"Nanga magazi aja ali kuti, akamwini?"

"Aa, bambo, kumangokhala kukopa anthu," ndinatero. "Mafilimu athu ambiri ndi otere, ophunzitsa."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Musaname, simukhoza. Chikanakhala chakudya chawo cha masiku onse, anyamata aja sakanalusa chonchija."

Ndinayang'ana pansi. Ndinadziwa kuti basi, njinga ija ndipalasa mpaka ukalamba.

"Ndinakuonani," anapitiriza. "Sikirini ija ikada imaonetsa za kumbuyo ngati galasi. Katatu konse dzanja lanu linapita pa kabokosi kaja n'kubwerera. Mwalola anthu onse atuluke, tsiku la msika, chifukwa cha nkhalamba imodzi. Munandiopa, eti?"

"Ndinakuopanidi, bambo."

"Ndi zimene ndimafuna kudziwa. Kumudzi kuja aliyense amaoneka waulemu, chifukwa ali pa nthaka ya eni. Kuno ndi kwanu, ine ndilibe mawu, koma mwandichitirabe manyazi. Munthu wotero mwana wanga angakhale naye kutali ndi maso anga." Anavala chipewa. "Koma mdzukulu wanga asamalowe m'katimo. Uzani ankhoswe abwere Loweruka."

Pothokoza ndinangowomba m'manja ngati mwana. Ndinawaperekeza mpaka kumapeto kwa msika nditawagwirira njinga yawo, iwo akundifunsabe ngati ngamila imadyedwa. Vidiyo sindinatsegulenso tsiku limenelo. Ndinapalasa kupita kumudzi ndikuimba ndekha m'njira, ndipo ndinamupeza mkazi wanga pakhonde akuswa mtedza. Anadabwa kundiona dzuwa likadalipo, n'kufunsa ngati kwagwa zovuta.

"Palibe chovuta, mayi a mwana," ndinatero ndisanatsike n'komwe panjinga. "Yambani kufunafuna makatoni."