Mlendo Wolandira ndi Manja Awiri

Bambo anga anafika ku Toronto mwezi wa Malichi atavala majuzi atatu, ndipo funso lawo loyamba titatuluka pabwalo la ndege linali lakuti mitengo yonseyi yauma ndi matenda anji. Munali m'zaka za m'ma 1990. Ine ndinkasamalira okalamba ku Etobicoke, tikukhala m'fulati ya pamwamba zedi ku North York, awiriwiri ndi mwana wanga wamkazi wa giredi 3.

M'chikwama mwawo munali thumba la mtedza wa chalimbana wolima okha ku Mchinji, wokazinga m'phale, wothira mchere mpaka kuyera mbuu. Anausenzera mdzukulu wawo. Atangokhala pansi anamasula thumba lija ndi kuitana mwanthabwala monga amachitira agogo akwathu: "Akazi anga, bwerani mulandire za kumunda kwanu."

Mwana anabwera maso ali pa TV. Anatola kamtedza kamodzi ndi zala ziwiri, za kumanzere pamenepo, n'kuluma, n'kukwinya nkhope.

"It tastes like smoke," anatero, nabweza kotsalako m'thumba.

"Akuti chiyani?" bambo anandifunsa.

"Akuti akhuta, ababa."

Bambo sanabadwe dzulo. Anamanga thumba lawo mwakachetechete, ndipo ine zinandiwawa kuposa iwo. Mwanayo Chichewa ankangomva apa ndi apo, agogo ake Chingerezi chawo chinathera pa moni. Masiku oyambawo ankangodutsana pakhonde ngati anthu okumana m'basi.

Lachisanu lotsatira sukulu inatsekera tchuthi cha sabata imodzi, ndipo mwana analowa m'nyumba atanyamula kakhola ka waya, akuyenda ngati wasenza mazira. M'katimo munali kanyama kaubweya wofiirira, kotchedwa hamusita, ka kalasi yawo yonse. Tchuthi chilichonse aphunzitsi ankasankha mwana mmodzi wokasunga kwawo. Ulendo uno anasankha wanga, mwana wofatsa amene ankadya yekha pa nthawi yopuma. Akuti kalasi yonse inamuzungulira, aliyense akumupatsa malangizo. Chiyambire sukulu ndinali ndisanamuone akusangalala choncho.

"Mummy, if anything happens to him, I'm never going back to that school," anandiuza. Kakafa kanyamako, iye kusukulu sabwereranso, ndipo ndinadziwa kuti sakuseka.

Bambo anavala magalasi, nawerama pa kakhola paja nthawi yaitali.

"Mbewa iyi mchira anaidula ndani?" anafunsa. "Koma kunona kwake! Ngakhale kapuku wa m'masika safika apa."

"Ababa, chonde, imeneyi si ndiwo."

Mwa mawu ochepa a Chichewa amene mwana wanga ankawadziwa, ndiwo anali amodzi. Anakuwa mpaka galu wa m'fulati yoyandikana nafe anayankha. Bambo anaseka mpaka kutsokomola.

"Auze akazi angawa mtima ukhale m'malo. Mlendo sadyedwa."

Kuyambira pamenepo kanyamako kanasanduka mlendo. Ndinawamasulira lamulo la aphunzitsi, loti kazidya chakudya chake cha m'paketi basi, kasupuni kamodzi patsiku. Anavomera ndi mutu, mofulumira kwambiri moti ndikanayenera kukayika.

Sabata imeneyo ine ndinkalawirira ku ntchito, mwana ankaswera kwa mnzanga wa ku Chipata, namwino wokhala nsanjika ya m'munsi mwathu, amene ankapita naye kosambira pamodzi ndi ana ake. Bambo ankatsala okha ndi mlendo. Zomwe zinkachitika ndinazimva pambuyo pake, kuchokera m'kamwa mwawo momwe. Kunja kozizira, TV yolankhula zosamveka, munthu wozolowera khasu n'kukhala chogwira tsaya. Ndiye tsiku lina anatenga thumba lija, nalowetsa kamtedza kamodzi pa waya. Mlendo, amene usana ankagona ngati mlonda, anadzuka, anaima ndi miyendo yakumbuyo, nalandira mtedzawo ndi manja awiri.

Ndi manja awiri! Bambo akuti anachita kuvula magalasi n'kuwapukuta. M'dziko lonse la Canada anali atapeza mmodzi woleredwa bwino.

Kamtedza kanasowa nthawi yomweyo. Anapereka kena, kanasowanso. Kwathu mlendo akamaliza zonse za m'mbale ndiye kuti sanakhute, umamuonjezera mpaka asiyeko pang'ono. Mlendo uyu sankasiya kanthu. Bambo anaona kuti lamulo la aphunzitsi linali la chakudya, silinakhudze mphatso, choncho ankangoonjezera, kwinaku akumuyamikira kuti akuchita bwino, paja mbewa ya manyazi inafera ku una.

Loweruka m'mawa ndikuthira tiyi ndinamva mfuu. Ndinathamangira pabalaza n'kupeza mwana atagwada pa kakhola, misozi ili chuchuchu. Nanenso ndinasuzumira m'katimo. Nkhope ya mlendo inali itatupa mbali zonse ziwiri mpaka m'mapewa, mutu kukula kuposa thupi, timaso tili tong'o pakati.

"He's dying! Mummy, he's dying!"

Bambo anatuluka m'chipinda ndi juzi imodzi yokha, nawerama, nadzidzimuka.

"Matsagwidi!" anatero. "Mwana wanga, peza kansalu ndi madzi ofunda timuthowe."

Ine mutu unali utaima. Ndinkaona kale Lolemba, ndikulowa m'kalasi ndi kakhola kopanda kanthu, ana onse akundiyang'ana, wanga atadzitsekera m'bafa. Ndinaimbira mnzanga wa ku Chipata uja. Anakwera chothamanga, atamanga chitenje, kumapazi nsapato zoyendera pa chipale. Anapereka moni kwa bambo mogwada pang'ono, nayang'ana m'kakhola, kenaka anaphulika kuseka mpaka kugwira khoma.

"Imwe, musaworye, aka sikadwala. Mwana wanga anali nako. Manje ndani akapasa nshawa?"

Nshawa ndiwo mtedza m'kayankhulidwe ka kwawo. Bambo anayang'ana kudenga, anayang'ana pawindo, kenaka anapita m'chipinda n'kubwera ndi thumba lija. Linali litafika pakati.

Mnzangayo anatsegula kakhola natukula kanyumba kapulasitiki komwe mlendo ankagonamo. Pansi pake panali mulu wa chalimbana, wounjikidwa bwinobwino mu utuchi. Anatifotokozera kuti kanyamaka kali ndi matumba m'masaya, kakalandira chakudya sikadya chonse, kamalonga m'masayamo n'kukakhuthula kobisika. Ndipo ngati kakumva, mlendo anakwera pamulu paja, nayamba kukankha masaya ndi timanja take. Mtedza unatuluka, umodzi, wina, winanso, nkhope ikuphwera ife tikuona.

"Nkhokwe!" bambo anafuula, akuomba m'manja. "Anthu inu, uyu ndi mlimi mnzanga! Ine ndimati ndikudyetsa wanjala, chikhalirecho akututa!"

Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Ine ndinachita kukhala pansi penipeni. Mwana ankaseka ndi kulira nthawi imodzi, mamina ali pamphuno.

Mnzanga atapukuta misozi anatembenukira kwa bambo mwaulemu. "Koma atate, mwachita mwayi kuti zambiri kasunga chabe. Mchere uyu ungakapaye, kathupi ni kang'ono maningi. Nshawa imodzi yopanda mchere, kamodzi olo kawiri pa wiki, basi. Chiponde ndiye musayese, chimamata mu ma cheeks."

Bambo anatsokomola. Anaulula kuti chiponde ankati amukonzere mawa lake, poti linali Lamulungu.

Tinataya utuchi wonse ndi nkhokwe yake, tinasintha madzi m'kabotolo, tinamupatsa kachidutswa ka nkhaka. Mnzanga anati tingomuyang'anira ngati akumwa ndi kuthamanga pa gudumu lake loseweretsa la m'kakhola, natsika kwawo akusekabe m'chikepe.

Phokoso litatha ndinaona kuti bambo akhala pampando, thumba lili pamiyendo, akulimanga pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti mtedza wangawu m'nyumba muno mulibenso woudya," anatero, osayang'ana munthu.

"What did he say?" mwana anafunsa.

Ulendo uno ndinamasulira zenizeni. Ndinamuuzanso kuti mtedzawo anabzala okha, anakumba okha, anausenzera iyeyo, ndi kuti mlendo anawakopa chifukwa cholandira ndi manja awiri. Mwana anayang'ana kakhola, anayang'ana thumba. Ndinamuona akuwerengera mumtima kuti thumbalo likakhalapo, mlendo wake sali pabwino. Anapita kukagwada patsogolo pa agogo ake, natambasula manja onse awiri.

"Agogo, patseni ine. Osati iye. Ine."

Bambo anamasula mfundo. Anamuthirira mtedza mpaka wina kugwera pakapeti. Mwana anaponya m'kamwa, anatafuna, nkhope inakwinyika monga tsiku loyamba lija.

"Still smoke," anandinong'oneza. Kenaka mokweza: "Zikomo, agogo."

"Akazi anga abwerera!" bambo anakuwa. "Ukwati unatha uja wadzuka!"

Loweruka lonse ndi Lamulungu awiriwo anakhala pa kakhola ngati alonda, wina akulankhula Chingerezi, wina Chichewa, akugwirizana pa chilichonse. Gudumu likazungulira onse ankaomba m'manja. Thumba linkatsika.

Lolemba m'mawa mlendo anali wamoyo, wonenepa pang'ono, nkhope ili m'malo mwake. Mwana anavala jekete, nanyamula kakhola. Tili pakhomo anakaika pansi n'kubwerera chothamanga kwa agogo ake, manja awiri ali patsogolo. Anatuluka masaya onse atatupa, osatha ngakhale kutsanzika.

"Matsagwidi!" bambo anafuula pakhonde, ndipo mwana anaseka mpaka mtedza kuulukira pa chitseko cha chikepe.

Nditabwerera kudzatenga makiyi omwe ndinaiwala, ndinapeza bambo ataima pakati pabalaza, thumba lili m'manja, akupukuta maso ndi mkono wa juzi. Anati ndi mchere wawalowa m'maso.