Tsiku Limene Amuna Anga Anagwada

Amuna anga sankakhulupirira kuti kuli Mulungu, komanso sankadziwa kutseka pakamwa. Akanakhala ndi vuto limodzi lokha mwa awiriwa, bwenzi tikukhala mwamtendere ngati anthu ena onse. Kwawo kunali ku chilumba cha Chisi, ntchito yawo inali yokhoma maboti pa doko la Kachulu, ndipo anabwera kudzakhala chikamwini m'mudzi mwathu, kufupi ndi minda ya mpunga ya Likangala. Ndinawakonda chifukwa ankandiseketsa, osadziwa kuti nthabwala zomwezo zidzandiliza.

Ndikatsinzina kuti ndipempherere chakudya, iwo ankayamba kudya. "Pitirizani, mayi, athokozeni," ankatero. "Ine ndikuthokoza amene wagwira matembawa." Kukadalitsa ukwati ku tchalitchi anakaniratu, ati sangakalumbire kwa munthu amene sanamuonepo. Chifukwa cha zimenezi mpingo unandiimitsa ku mgonero, ndipo mwana wathu wamkazi, mmodzi yekhayo amene tinali naye, sanabatizidwe. Ine ndinkapitabe Lamulungu lililonse, kukhala benchi lakumbuyo, mwana ali pambali panga akuimba mokweza kuposa akuluakulu.

Amene anandiimitsa anali malume anga enieni, achimwene awo a mayi anga. Anali mkulu wa mpingo, analinso wapampando wa chipani chakale cholamula chija m'dera lathu, ndipo jekete ya ntchito ziwirizi inali imodzi. Nthawi ya mavoti oyamba a zipani zambiri, malume ankati akaima kutsogolo m'tchalitchi, sunkadziwa ngati uli ku mapemphero kapena ku msonkhano. Ankati tikavotera Msilamu, belu la tchalitchi adzalitsitsa. Ankanena zimenezi za anthu omwe tinkapemphana nawo mchere, omwe tinkadula nawo mpunga m'munda umodzi.

Amuna anga ankayankha ali pa benchi la golosale pa Kachulu. "Ngati Mulungu ali ndi chipani, akalembetse, adzaime pamzere ngati tonsefe." Asodzi achisilamu ankafa nacho chiseko, mpaka iwo atawatembenukira: "Inunso musaseke. Wanuyonso sindinamuonepo." Choncho analibe mbali, ndipo analibe wowaikira kumbuyo.

Chipani cha malume chinagwa, ndipo pasanapite nthawi yaitali nyanja inauma. Amene sanaone sangamvetse. Madzi anathawa pang'onopang'ono mpaka panatsala matope ong'ambika, maboti atagona chammbali, fungo la nsomba zowola likufika m'nyumba. Anthu ankapita ku Chisi pa njinga. Malume anapeza ulaliki wabwino: ichi ndi chilango cha mavoti, komanso cha pakamwa pa munthu wina amene tikumusunga m'mudzi muno.

Tsiku lina pa mlandu wa malire a munda, anthu atadzaza, amuna anga anawayankha maso ndi maso. "Malume, nyanjayi inaumaponso ine ndili mwana. Ndinayenda wapansi kuchoka ku Chisi, nditasenza mphasa ya mayi anga. Nthawi imeneyo ankalamula ndi anu omwewo, opemphera aja. Tinali titavotera ndani? Nyanjayi ndi yosaya, mvula ikavuta zaka zotsatana imauma, ikagwa imadzaza. Idzabweranso, kaya mupemphere kaya musapemphere." Anthu anaseka. Malume anangopinda kampango kawo bwinobwino n'kukaika m'thumba.

Kenaka kunagwa kolera. Anthu ankamwa madzi a m'zithaphwi ndi m'zitsime zokumba m'matope. Kwathu amuna anga ankawiritsa madzi okha, ndipo ankakalipa akaona kapu yosatsuka. Koma mwana ndi mwana, anali atangoyamba kumene sukulu, ndipo kumene anamwa sitikudziwa. Anayamba kutsegula m'mimba m'mawa, bambo ake anamutengera pa njinga ku matenti a azaumoyo, ndipo tsiku lotsatira dzuwa lisanafike pamutu anali atapita.

Azaumoyo anatiuza malamulo a maliro a kolera. Palibe kusambitsa thupi, palibe kuona nkhope, palibe kugona pa siwa, palibe kuphika. Anamukulunga m'pulasitiki yakuda, anamupopera mankhwala, ndipo anati aikidwe tsiku lomwelo. Sindiwada anthu amenewa, ankateteza amoyo. Koma ine mayi wake sindinamusambitse, sindinamuveke diresi lake la Lamulungu, sindinamutseke maso. Chimene chinanditsalira choti ndimuchitire mwana wanga chinali nyimbo basi. Ndinkafuna aikidwe akuimbiridwa, osati kukwiriridwa mwakachetechete ngati mbuzi yofa yokha.

Ndinathamangira kwa malume, ndinagwada pakhonde pawo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Mwanayu sanabatizidwe. Ukwati wanu mpingo suudziwa. Tikaimba, tikuimbira ndani?"

"Malume, mwanayu munamunyamula inu ali wakhanda. Ankaimba m'tchalitchi mwanu, munkamumva."

"Amene anamunyamula ndi malume ako. Amene ukuyankhula naye pano ndi mkulu wa mpingo." Kenaka anaonjeza kuti, "Koma njira ilipo. Mkamwini agwade pa manda, anthu onse akuona, avomereze kuti Mulungu alipo ndipo anamunyoza, alonjeze kulowa kalasi ya ubatizo ndi kumabwera ku tchalitchi. Akatero, amayi a mpingo aimba."

Ndinapeza amuna anga kuseri kwa nyumba, akupala matabwa. Anali ataphwasula boti limene anasiya osamaliza nyanja itauma, ndipo ankakhoma bokosi la mwana wawo. Ndinawauza mawu a malume. Sanadzutse mutu.

"Mwanayo sakumva, mayi. Aimbe, asaimbe, kwa iye ndi chimodzimodzi."

Ndinawakalipira. "Inu mumadziwa zonse eti? Za nyanja mumadziwa, za kumwamba mumadziwa. Nanga madzi anu owiritsa aja amupulumutsa? Nzeru zanu zonse ndi izo zili m'pulasitiki izo." Mawu amenewa sindinawabweze tsiku limenelo, ndipo sindinawabwezepo mpaka lero. Iwo anasiya kupala, anayang'ana thabwalo nthawi yaitali, kenaka anapitiriza.

Ku manda anthu anabwera ochepa, poopa matenda. Amayi a mpingo anafika atavala mabulauzi awo oyera, anaima mzere, mabuku a nyimbo ali otseka m'manja, milomo ili yotseka. Ena mwa iwo ndinakula nawo, tinkatunga madzi limodzi, koma palibe anandiyang'ana. Bokosi linatsitsidwa. Wazaumoyo mmodzi anati tifulumire. Malume anangoima, manja kumbuyo, akuyang'ana mitambo imene kunalibe.

Ndinamva phokoso la mawondo akugunda dothi louma. Amuna anga anali atagwada m'mphepete mwa dzenje, utuchi udakali m'tsitsi. Ananena motsitsa kuti Mulungu alipo ndipo anamunyoza.

"Kwezani mawu, akamwini," anatero malume. "Akumbuyoko sakumva. Pa Kachulu paja mumamveka bwino."

Anabwereza mokweza. Analonjeza za kalasi, analonjeza za Lamulungu. Ine ndinaganiza kuti zatha, ndinayang'ana kwa amayi aja kuti ayambe. Koma malume anali asanakhute.

"Nyanja inauma chifukwa cha chiyani?"

"Chifukwa cha pakamwa panga."

"Nanga mwanayu wafa chifukwa cha ndani?"

Zimenezi sizinali m'pangano. Ngakhale wazaumoyo uja anaweramitsa mutu. Amuna anga anatembenuka n'kundiyang'ana. Munthu amene ankadzuka m'mamawa kuwiritsa madzi, amene anapalasa njinga mwana atamumangirira kumsana, ankandifunsa ndi maso ngati ndikuifunabe nyimboyo pa mtengo umenewu. Ine ndinayang'ana bokosi.

"Chifukwa cha ine," anatero.

Malume anagwedeza mutu, ndipo mabuku anatseguka. Anaimba bwino amayi aja, ndisaname, mawu awo akugwirizana, mpaka ena analira. Anthu amati inali nyimbo yokoma kwambiri. Ine sindinamve liwu ndi limodzi lomwe. Ndinkangoona amuna anga atagwadabe, chifukwa palibe amene anawauza kuti adzuke.

Mvula itadzagwa yokwanira, nyanja inabwerera monga iwo ananenera. Palibe anakumbuka kuti anali atanena. Chimene anthu anakumbuka ndi choti mkamwini wonyoza uja analapa, madzi n'kubwera. Malume anayenda nayo nkhaniyi paliponse, pa guwa ndi pa misonkhano ya chipani chawo, ndipo pofotokoza ankasinthako mawu kuti anthu aseke. Mwana wanga anasanduka chitsanzo cha mu ulaliki. Ndinawada malume mpaka tsiku limene anamwalira, ndipo pa maliro awo anthu anaimba mpaka kusasa mawu.

Amuna anga analowadi kalasi, anakhala pakati pa ana aang'ono kuloweza mayankho. Lamulungu lililonse ankasamba, kuvala malaya ositidwa, n'kupita. Pa benchi la golosale anasiya kukhalapo. Ndikatsinzina kupempherera chakudya, ankadikira, manja ali pamawondo, ndipo kudikira kumeneko kunkandipweteka kuposa chipongwe chawo chakale. Ndinayamba ndasiya kupempherera chakudya. Kenaka ndinasiya kupita ku tchalitchi, chifukwa ndikaona mabuku a nyimbo akutseguka, ndinkadzuka n'kutuluka panja. Mpingo unatumiza uthenga kuti tsopano ndikhoza kubwerera ku mgonero. Sindinapite.

Patapita zaka, Lamulungu lina m'mawa, ndikupeta mpunga pakhomo, iwo anatuluka atanyamula buku lawo la nyimbo. Ndinawafunsa funso limene ndinkaliopa.

"Kodi bambo, masiku ano mumakhulupirira?"

"Ayi," anatero. "Kumwambaku kulibe munthu, mayi."

"Ndiye mukupitiranji? Malume anafa. Palibe akukuwerengani."

Anamanga batani la pakhosi, limene linkawavuta nthawi zonse chifukwa cha zala zawo zokhakhala.

"Ndinalonjeza pa manda a mwana wanga," anatero. "Inu munafuna nyimbo. Kodi sinakome?"

Anayembekeza yankho pang'ono, kenaka belu linalira, iwo n'kumapita.