Batani Limene Ndinakhoma

Ndili mkati mwa kosi ya pa intaneti imene ndinapanga kuntchito. Tsamba lililonse ndi chipinda chopanda zenera, ndipo chitseko chake ndi batani lija lakuti "Pitirirani". Ndinalikhoma ndekha kuti ophunzira asamadumphe vidiyo.

Wophunzira wa lero ndi amayi anga. Akhala pa simenti, linthumbu likuwakwera m'miyendo. Khoma lonse ladzaza ndi nkhope yanga, ikuphunzitsa uku ikumwetulira.

"Mwanawe, tanditsegulira, zikundiluma!"

Abwana anga atulukira akukukuta chimanga chootcha. "Musayerekeze, achimwene. Akatuluka pano, makina alemba kuti sanamalize."

"Amayi, ingopirirani, yatsala pang'ono kutha," ndikutero. Kiyi ali m'kamwa mwanga, akuzizira pa lilime.

Kamzere ka vidiyo kakukwawa, katsala pang'ono kufika kumapeto. Netiweki yaduka. Linthumbu lawafika m'khosi, ndipo asiya kundiitana, akungondiyang'ana. Abwana akundigawira chimanga, ine ndikulandira. Netiweki yabwerera. Nkhope yanga pakhoma paja ikukonza kolala, n'kuyambiranso: "Takulandirani ku phunziro loyamba."

Ndadzuka nsagwada zikuwawa, ngati ndagona ndikumwetulira.