Nthungululu ku Annandale

Nditangofika kumene ku Amereka ndinapeza ntchito yosamalira mayi ena okalamba ku Annandale. Kwawo kunali ku Philippines. Thupi linali litatha, koma pakamwa ndiye ayi. Tsiku loyamba lomwelo anandiuza kuti ndimayenda ngati ndasenza katundu.

Pa utsikana wawo ankavina m'makalabu a zisangalalo, kuyambira ku Manila mpaka kuno. Ankandisimbira za nthenga zakumutu zolemera mopweteka khosi, ndi za mabwana amene ankawalengeza kuti ndi a ku Japan lero, mawa a ku China, malinga ndi zofuna makasitomala. Akamasimba ankaseka mpaka kutsokomola. Koma mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, sankafuna n'komwe kuzimva. Kwa iye zinali zamanyazi, ndipo anali asanawaonepo akuvina. Zimenezi zinkawawawa kwambiri.

Kumalo kumene okalamba amakacheza masana atakonza chisangalalo, mayiwo analembetsa kuti akavine. Tinkayeserera m'khitchini, iwo atagwira tebulo, ine ndikuwomba m'manja. Mwana uja anavomera kubwera, koma monyinyirika.

Tsikulo mayiwo anavala diresi yofiira. Nyimbo itayamba, manja aja anayenda mokongola moti ndinaiwala zoti m'mawa ndinawadyetsa ndine. Kenaka pakatikati anangoima, sitepe yawathawa. Anthu onse zii, aliyense kuyang'ana pansi mwaulemu wawo wakuno. Ine ulemu umenewo unandikwiyitsa. Kwathu wovina samusiya yekha m'bwalo.

Ndinadzambatuka, n'kuimba nthungululu ya mtima wonse, n'kumanga mpango m'chiuno, ulendo wa pakati. Nesi anatulukira akuthamanga ndi njinga ya odwala, poganiza kuti wina wagwa. Agogo ena aamuna anagwira pamtima. Koma mayi anga aja anaphulika nako kuseka.

"Choka apa iwe," anatero pondikankha, "ukundionongera gule."

Basi, miyendo inakumbukira yokha. Anavina mpaka nyimbo kutha, ine ndikudula chiuno kumbali, osaitanidwa. Sindinasangalalepo choncho chibwerereni kuno.

Anthu akuwomba m'manja, mwana uja anabwera kutsogolo maso ali ofiira, n'kuwagwira dzanja.

"Amayi, munkavina chonchi zaka zonse zija?"

"Ayi mwanangu," anayankha akupuma mwawefuwefu. "Nthawi imeneyo ndinkavina bwino. Lero ndimangofuna undione."