Zipolopolo za Mfuti ya Marlys

Alamu anga a Orrin Tveit sankatha kuwombera bwino. Aliyense kuno kum'mawa kwa Montana ankadziwa, ndipo eni akewo sankatsutsa. Katswiri anali mchemwali wanga Marlys, mkazi wawo. Iwo ntchito yawo inali yokonza makina okololera tirigu, ndipo akaweruka ankalowa m'galaja kukamupangira Marlys zipolopolo.

Mfuti ikalira, chigoba chamkuwa cha chipolopolo chimafufuma n'kutengera muyezo wa mkati mwa mfutiyo. Usanathiremonso onga, umachifinya pa makina apamanja kuti phewa lake, pamene chimayambira kuning'a, libwerere pang'ono chabe, kuchepa ngati tsitsi. Ukapyoza muyezo, chigobacho chimakhwepa m'mfuti ndipo tsiku lina chimadzaduka pakati. Ukaperewera, chotsekera cha mfuti chimakana kutseka. A Orrin ankafuna kuti zigoba zonse zituluke zofanana ndendende. Ankazipaka mafuta mofanana, n'kutsitsa chogwirira cha makinawo ndi mphamvu imodzimodzi, n'kudikira kaye pansipo asanachikweze. Akatero ankayeza chimodzichimodzi.

“Alamu, kodi mlongo wanga mumamusamala chonchi?” ndinkawaseka.

“Ameneyo sakhala phee ngati mkuwa,” ankayankha osadzutsa mutu.

Loweruka pa mpikisano Marlys ankagona chafufumimba pa kamphasa kake, n'kumalasa mbale zachitsulo kutsidya kwa chigwa. A Orrin ankakhala kumbuyo kwake ndi khofi, akutolera zigoba m'chipewa zikadali zotentha. Anzathu ankati Marlys anakwatiwa ndi nkhuku yotola chimanga. Iwo ankangomwetulira.

Marlys anagwa m'khitchini ya pasukulu pomwe ankaphika, nyengo yachisanu. Unali mtima. Pamaliro alamu sanalire. Anafunsa abusa ngati chotenthetsera m'tchalitchi chinakonzedwa, ndipo chakudya chimene amayi amvano anabweretsa anadya ali chilili. M'mawa mwake ndinawapeza m'galaja, chogwirira chikutsika n'kukwera.

“Alamu, awombere ndani zimenezi?”

“Zinatsala pa mpikisano womaliza. Sindinazimalize.”

Atazimaliza, zigoba zopanda kanthu zinatha. Ndiye anayamba kupita okha kubwalo lowomberako pakati pa sabata, atanyamula mfuti ya Marlys. Tsiku lina ndinawatsatira. Sankayang'ana n'komwe mbale zija. Ankaloza mulu wa dothi womwe unali pafupi, n'kuwombera, n'kutola chigoba, n'kuwomberanso. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene akudikira basi. Madzulo anakafinya zigobazo, n'kuziyeza, n'kuzidzaza. Anagulanso mkuwa wina, mabokosi n'kufika kudenga.

Chisanu chitatha kunabwera mwana wawo Joleen kuchokera ku Billings. Anati akufuna kuyamba mpikisano ndi mfuti ya mayi ake, ndipo bambo ake anamupatsa osafunsa kanthu. Mmisiri wa mfuti kumeneko anamuuza kuti mpope wa mfutiyo, momwe chipolopolo chimadutsa, unaperepeseka, ndipo Joleen anavomera kuti aikepo watsopano. Anabwera nayo akusangalala, ikunyezimira.

A Orrin anatenga chipolopolo chimodzi m'bokosi, n'kulowetsa, n'kukankha chotsekera. Chinakana. Anayesa cha m'bokosi lina. Chinakananso. Mkati mwa mpope watsopanowo munali mofupikirako pang'ono, ndipo zonse zimene anapanga chisanu chonse zinali za muyezo wa mpope wakale uja, womwe mmisiriyo anali atataya kale.

Joleen anayamba kulira. “Ababa, sindinadziwe. Bwenzi nditakufunsani kaye.”

“Palibe kanthu, mayi. Mpope uja unatha ndithu.” Anabwezera chipolopolocho m'bokosi n'kutseka. “Mwadya?”

Ndinawauza kuti tingathe kuzula mitu yonse ya zipolopolozo, kukhuthula onga, n'kufinyanso zigobazo. Anati mawa. Ndinafunsanso kangapo chilimwe chimenecho, yankho n'kukhala lomwelo. A Orrin anamupangira Joleen zatsopano, zofanana bwino monga kale, ndipo iye anapita ku mipikisano ingapo mpaka pamene ntchito inamusamutsira kutali. Zitatero makina aja anawaphimba ndi thaulo. Kuntchito anapitabe zaka zingapo, akudya mazira pamalo amodzimodzi m'mawa uliwonse, anthu akamawapatsa moni iwo n'kuyankha.

Tsopano ali kunyumba yosungirako okalamba ku Glendive, miyendo inawakana. Nyumba yawo isanagulitsidwe, ine ndi Joleen tinakhala m'galaja muja kumasula zipolopolo zija chimodzichimodzi, poti sizikanatheka kuzisiyira munthu wachilendo. Mkuwa tinapatsa anzathu a kubwalo. Onga, poti amati umasanduka feteleza, tinamwaza pa kapinga kuseri kwa nyumba, mvula n'kugwapo.

Nditapita kukawaona ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera maso ali pa wailesi yakanema, pomwe ankanena za nyengo.

“Kapingayo wamera?” anafunsa.

“Wamera, alamu. Wabiriwira kwambiri.”

Anagwedeza mutu, n'kundipempha kuti ndikwezeko mawu pang'ono.