Chimene Chinkadya Batire la a Kebba

Nyima anakwatiwa ndi a Kebba Sanneh asanakwanitse zaka makumi awiri. A Kebba ankayendetsa takisi yachikasu pamsewu wa Brikama ndi Serekunda, Nyima n'kumagulitsa nsomba zowamba mumsika wa Brikama. Ana awo atatu anakula n'kubalalika, mtsikana, Fanta, kukakwatiwa ku Basse, anyamata awiri kuwoloka nyanja kupita maiko akunja. Pakhomo panatsala anthu awiri ndi galimoto.

Chaka china dzinja lili mkati, a Kebba anagwa pasiteji, kapu ya tiyi wa ataya ili m'manja. Atatuluka m'chipatala, mkono ndi mwendo wakumanja zinali zitafa, ndipo pakamwa panangotsala mawu awiri, "Nyima" ndi "tiye". Takisi ija anaiimika pansi pa mtengo wamango. Lachinayi lililonse a Landing, mnansi wawo amene anapuma ntchito yoyendetsa malole, ankawatengera pa galimotoyo ku Banjul kukawongola ziwalo.

Miyezi itatu zinayenda bwino. Kenako Lachinayi lina a Landing anapotokola kiyi, injini inangoti kho kho, n'kukhala chete.

"Batire lagona," anatero a Landing.

Anabwereka mawaya n'kuliza ndi galimoto ya munthu wina. Sabata yotsatira zomwezo. Yachitatu anafika ku Banjul mochedwa, wowongola ziwalo atatseka kale chitseko, ndipo anabwerera osaonedwa. Mwana wawo wamkulu anatumiza ndalama, anagula batire latsopano. Nalonso silinathe masiku khumi.

Apa Nyima anakaitana a Sarjo, wazamagetsi amene anakhala akukonza takisiyo kwa zaka makumi awiri. Anali munthu wamfupi, wamagalasi omangidwa ndi kawaya, wosatha kugwira ntchito pakamwa pali potseka.

"Alamu, galimoto ili ngati nyumba," anatero akutsegula boneti. "Mukatseka zitseko koma mpunga n'kumatha, ndiye kuti mbava ili m'kati momwemo. Lero tiigwira."

Anamasula waya umodzi wa batire, n'kulumikiza kababu kakang'ono pakati pa wayawo ndi mutu wa batire.

"Kiyi tachotsa, zonse tazimitsa. Kababu aka kakayaka, pali chimene chikuyamwa moto. Ndiye tizizula mafyuzi imodziimodzi mpaka kazime."

Nyima anawerama n'kuyang'anitsitsa. Kababu sikanayake.

A Sarjo anakanda m'mutu. Anakayesa pa batire penipeni, kanayaka bwinobwino. Anakabwezera, zii. Mafyuzi anazulabe onse, n'kumawayang'ana padzuwa. Anaika foni m'buti ikujambula, n'kutseka, kuti aone ngati getsi la m'menemo limazima. Limazima. Anayesa dainamo, anagwedeza mawaya a pansi pa chiwongolero, anagona chagada m'fumbi mpaka malaya anasintha mtundu. A Kebba ankaonerera ali pampando wawo pakhonde.

"Iwe Kebba, galimoto yakoyi yatengera mwini wake makani!" anakuwa a Sarjo. A Kebba anayang'ana kumbali.

A Sarjo anabwera katatu. Ulendo wachitatu anakana ngakhale mpunga wa domoda, msuzi wa mtedza, umene Nyima anawapakulira.

"Alamu, ndisakunamizeni. Ndikakhalapo ine, galimotoyi ilibe vuto. Mbava yake imadikira ndichoke."

Kumsika amayi anzake anali ndi mayankho ambiri. Wina anati apite kwa sing'anga, pali amene akufuna kuti a Kebba asachire. Wina anati agulitse chigalimotocho chisanawole. Nyima ankangoti "ndamva", uku akuingitsa ntchentche pansomba. Chimene ankadziwa n'chakuti mwendo wa amuna ake, umene unayamba kugwedezeka pang'ono, unali kuumanso.

Lolemba lina mutu unamuwawa, ndipo anasiyira mnzake nsomba n'kubwerera kunyumba dzuwa lili paliwombo. Pakhonde panalibe munthu. Ndodo ya a Kebba inali itatsamira chitseko cha takisi.

Anali m'kati, pampando wa dalaivala. Kiyi anali atamupotokola theka, timagetsi tofiira tikuyaka, fani ikupemerera, wailesi ikulankhula motsitsa. Dzanja lamoyolo linagwira chiwongolero, lakufalo analinyamula n'kuliika pamwendo. Ankayang'ana pagalasi lam'mbali, n'kukhotetsa chiwongolero pang'ono, ngati akupatsa mpata lole. Kuchokera pakhonde kufika pamtengo wamango panali mapazi makumi atatu, ndipo Nyima sankadziwa n'komwe kuti amuna ake angayende mtunda umenewo okha.

"Bambo a Fanta," anaitana chapansipansi.

A Kebba anadzidzimuka. Anafuna kuzimitsa kiyi msanga koma dzanja linaphonya. Nkhope yawo inali ya munthu wogwidwa. Kenako anamenya mpando wapambali ndi chikhatho.

"Tiye," anatero.

Nyima sanalowe. Anapita kuseri kwa nyumba, n'kukhala pamtondo wogwadika mpaka mutu unasiya kugunda.

M'mawa mwake anakafotokozera a Sarjo kugalaja kwawo. A Sarjo anavula magalasi.

"Maola anayi tsiku lililonse, fani ndi wailesi, injini osalira," anatero. "Palibe batire lingapirire. Bisani kiyi, alamu. Kapena ndikuonetseni komasula waya, n'kosavuta."

Kubisa kiyi kunamukanika, choncho anasankha waya. Lachitatu asanapite kumsika anamasula ndi sipanala, n'kutseka boneti mwakachetechete. Pobwera anapeza a Kebba ali pansi pafupi ndi tayala lakutsogolo, chigongono chitasupuka. A Kebba anali atayesa kutsegula boneti ndi dzanja limodzi n'kugwa, ndipo anakhala pamenepo padzuwa kuyambira m'mawa. Tsiku limenelo anakana kudya. Lachinayi, a Landing atalumikiza waya uja, galimoto inalira kamodzi n'kamodzi, koma a Kebba anakana kukwera. A Landing anawanyengerera, anawakalipira, anatchula ana, koma a Kebba anangogwira mwendo wa mpando osausiya.

Nyima sanamasulenso waya uja, anangoumanga ndi sipanala mwamphamvu.

Batire linapirira mwezi umodzi, likumwa moto wobwereka Lachinayi lililonse, kenako linafa osadzukanso. Nyima sanawauze anawo kuti atumize lina. Akanawauza chiyani? Anayesa kupita ku Banjul pa minibasi kawiri, koma kukweza a Kebba kunkafuna amuna atatu, ndipo ulendo wachiwiri kondakitala anawapitirira ngati sanawaone. Ku Banjul kunathera pomwepo.

Matayala anaphwa mvula ina isanagwe. A Kebba amapitabe kugalimoto tsiku lililonse, ngakhale timagetsi sitiyakanso, ndipo masiku ano ulendowo umawatengera nthawi yaitali kuposa kale. Nyima anayamba kuweruka msanga kumsika. Amawaperekeza atawagwira m'khwapa, n'kuwakhazika, n'kukweza mwendo wakufawo ndi manja awiri. Akatero amakhala pamkeka pambali pa chitseko n'kumasenda mtedza, mpaka a Kebba atatopa.