Mphini za M'khosi Mwanga

Botololo linali lobiriwira, lotseka ndi chitsononkho, ndipo linkakhala pawindo kwathu ku Lungwena dzinja limene khosi langa linatupa. Anabere awiri anatuluka kunsi kwa khutu, olimba, aakulu ngati mazira a nkhunda.

Amalume, achimwene awo a mayi, ndiwo ankadziwa mitengo. Kwathu mwana akadwala, wolamula ndi malume. Bambo ndi mkamwini chabe. Ananditema mphini ndi lezala n'kutikitamo phulusa la mizu, lowotcha ngati tsabola. Za m'botolo lija, limene anatipatsa iwo omwewo, akuti zinkatsuka madzi oipa oyenda m'thupi kuti anaberewo aphwe.

"Mukasakaniza ndi za kuchipatala, mwanayu mumuika m'manda," ankatero.

Koma ine ndinkangowonda, kabudula kumachita kuvuka yekha. Tsiku lina mayi anasenza dengu la usipa ngati akukagulitsa ku Malindi, ine pambuyo. Tinathera kuchipatala. Kumeneko anapeza kuti ndi TB ya m'khosi, ndipo anatipatsa mapilitsi.

Mayi anawabisa m'chitini cha ufa. M'mawa uliwonse ndinkameza tili awiriwiri, za m'botolo iwo n'kukathira patsinde pa papaya. Amalume akatulukira, mayi ankagwada n'kuthokoza. Sindiwaweruza. Mkazi amene mwana wake angafe atanyoza mlongo wake, kwathu akanalowera kuti?

Ndinachira. Mbiri ya botolo inafika mpaka ku Chowe, anthu kumabwera panjinga ndi nkhuku.

Chimanga chisanaume, mwana wamkazi wa amalume, msuweni wanga amene tinkagona mkeka umodzi tili aang'ono, naye anatupa khosi. Anamutema mphini. Anayamba kuwonda monga ndinkachitira ine.

Apa mayi analephera kupirira. Anatenga chitini chija, anandigwira dzanja mpaka kwa amalume, n'kuulula zonse pakhonde, mapilitsi ali m'manja.

Amalume anaseka. Anandiitana, anandipendeketsa mutu kuti onse aone zipsera.

"Achemwali, uyu anachira ndi chiyani? Mphini zanga si izi?"

Msuweni wanga anali gone pamkeka, akundiyang'ana. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa zokolola za chaka chimenecho sanadye nawo.

Koma tsikulo ine ndinaimirira monyada, khosi lili pamtunda, kukondwa kuti anthu akuluakulu akundiona. Ndinkangodabwa kuti mayi akuliriranji, chikhalirecho ine ndachira.